Kugula tikiti kuti ukamve maliro a eni ake: zomwe ndinaona ku Listowel

Mayi a Chisomo (Tralee): Odi pagulu pano, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yanditsamwa pakhosi kuyambira Loweruka, ndiye mundipirire, ndilemba zambiri. Mnzanga wa kuntchito, mzungu wa konkuno ku Ireland, anali ndi matikiti awiri a Listowel Writers' Week, mwamuna wake n'kukana kupita chifukwa cha mpira. Basi ananditenga ine. Kuchoka pa Tralee pano ndi theka la ola pa galimoto. Ine ndinkaganiza kuti ndikukamva ndakatulo, ndiwodzere pang'ono, tidye chips, tibwerere.

Kondwani (Cork): Anti, inu mpaka ku zikondwerero za mabuku? Tsiku la off loti mugone?

Mayi a Chisomo (Tralee): Iwe Kondwani khala chete kaye. Malo ake anali m'tchalitchi chakale chomwe chili pakatikati pa bwalo la tauniyo, anachisandutsa nyumba ya zisudzo, amati St John's. Kunja ndi tchalitchi ndithu, cha miyala, koma mkati mipando ndi magetsi a pasiteji. Kutsogolo kuli mipando iwiri, katebulo, jagi ya madzi. Wina wofunsa, wina mlembi. Mlembiyo mayi wa zaka ngati zanga, ndipo buku lake si nkhani yopeka ayi. Analemba za agogo ake aakazi, amene anatenga mimba asanakwatiwe, makolo n'kuwapititsa ku nyumba zija za masisitere zosungirako atsikana otere. Mwana anachotsedwa, banja linakhala chete zaka zonsezi. Mayiyu anafufuza m'makaundula a tchalitchi ndi a boma mpaka anapeza.

Anawerenga masamba atatu okha. Kenaka nthawi ya mafunso. Mtsikana akuyenda ndi maikolofoni m'mizere. Mafunso awiri oyamba anali wamba, zoti munalemba nthawi yaitali bwanji. Ndiye kumbuyo kwanga kunaimirira bambo wokalamba, chipewa chili m'manja, akuchipindapinda. Sanafune n'komwe maikolofoni. Anati mayi wina amene watchulidwa m'bukumo, amene ankanyoza mtsikanayo pamudzi, ndi azakhali awo enieni. Anati dzina munasintha, koma munda munautchula, mlatho munautchula, aliyense wa kwathu wamudziwa. Anati azakhaliwo ndiwo anamulera iye amayi ake atamwalira, ndipo m'bukumo mulibe mzere umodzi wonena zimenezo.

M'nyumba monse zii. Mnzanga anandigwira bondo.

Nachisale (Galway): Ee! Ndiye mlembi anatani?

Mayi a Chisomo (Tralee): Sanathawe, apo ndimupatse ulemu. Anavula magalasi, n'kunena kuti zoti azakhaliwo analera mwana wamasiye samazidziwa, akanadziwa akanalemba. Koma anati zomwe analembazo sazibweza, chifukwa agogo ake anafa nazo. Bamboyo anangogwedeza mutu n'kukhala pansi. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti pa mzere wosainitsa mabuku, bambo uja analipo, buku lili m'khwapa. Anayankhulana nthawi yaitali moti ena tinatopa n'kutuluka.

Funso langa ndi ili. N'zoyenera kodi? Munthu ulembe zamkati mwa mabanja a eni ake, uzigulitse, anthu alipire tikiti, akatha akamwe vinyo pa hotelo? Tikiti ija mtengo wake ndi ngati ola langa lathunthu la kusambitsa nkhalamba. Mtima wina ukuti mayiyu anachita bwino, wina ukuti kumeneku n'kudyera pa maliro.

A Phiri (Dublin): Achemwali, mwafika pa mtima pa nkhani. Dziko lino ndi laling'ono, anthu 5 miliyoni ndi pang'ono. Mlembi wa nkhani zopeka akhoza kubisala, amati munthu ameneyo ndinangomulenga. Wa nkhani zoona alibe kobisala. Akaima pa siteji ku Kerry, dera lomwe kuli Listowel, wachibale wa munthu amene wamulemba ali pa mzere wachinayi. N'chifukwa chake ine pa zikondwerero izi ndimasankha a nkhani zoona. Kumeneko ndiye kumatentha.

Kondwani (Cork): Kutentha kwake kotani achimwene, ine ndinapitako kamodzi ku Dalkey, ndinangoona anthu a ndalama atavala malaya a linen akuombera m'manja nkhani za umphawi. Titatuluka, khofi mtengo wake ngati waba.

A Phiri (Dublin): Hahaha Dalkey ndi Dalkey mphwanga, kumakhala mabwana, ukafuna kuona nyumba za oimba otchuka ndi komweko. Koma usaiwale amene anayambitsa chikondwerero chija mu 2010, David McWilliams ndi Sian Smyth. McWilliams ndi katswiri wa zachuma, ndiye n'chifukwa chake kumeneko kumachuluka atolankhani, a mbiri yakale ndi a zandale kuposa alakatuli. Chinayamba nthawi imene chuma cha dziko lino chinali chitagwa, mashopu akutsekedwa. Listowel ndi ina. Ija ndi yakale kuposa zonse, inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndi ya anthu a m'tauni momwemo. John B. Keane, wolemba zisudzo uja, anali ndi bala yake pomwepo, mpaka lero ilipo. Kumeneko mlimi akhoza kuimirira n'kumutsutsa mlembi. Zimene mwaonazo achemwali ndi za ku Listowel zenizeni.

Nachisale (Galway): Ine ndikufuna ndiyankhe Mayi a Chisomo mosapsatira, chifukwa Tuam ili pafupi ndi kuno, ndipo odwala ena amene ndimawasamala ndi a kumeneko. Mukanena kuti kudyera pa maliro, kumbukirani kuti maliro amenewa sanaliridwe n'komwe. Nyumba ija ya ku Tuam, yosungirako atsikana otenga mimba asanakwatiwe ndi ana awo, inatsegulidwa 1925, inatsekedwa 1961, inkayendetsedwa ndi masisitere a Bon Secours. Catherine Corless si pulofesa, ndi mayi wa pamudzi amene ankangokonda mbiri ya dera lake. Anapita ku ofesi ya kaundula n'kumalipira ma euro 4 pa chikalata chilichonse cha imfa, m'thumba mwake. Anapeza ana 796 amene anafera m'nyumba imeneyo, opanda kaundula wa kumene anaikidwa. Anthu anayamba kumunena kuti akukokomeza, akuipitsa mpingo. Mu 2017 atakumba pang'ono anapezadi mafupa a ana m'zipinda za pansi pa nthaka, pamalo pomwe kale panali thanki ya zonyansa.

Ndiye mundiuze, mayi ameneyu akanati zam'nyumba sizituluka kunja, ana aja akanatchulidwa ndi ndani? Lipoti la boma la mu January 2021 linati ana pafupifupi 9,000 anafera m'nyumba 18 zoterezi, ndipo Micheál Martin, nduna yaikulu pa nthawiyo, anapepesa m'nyumba ya malamulo. Zonsezo zinayamba ndi munthu mmodzi wolemba zinthu zomwe anansi ake sankafuna kumva.

Mayi a Chisomo (Tralee): Achemwali zimenezo sindikukana. Koma Corless ankalimbana ndi mpingo ndi boma, akuluakulu. Uyu wa Lowerukayu anakhudza mayi wa pamudzi, wakufa kale, amene sangadziyankhire.

Nachisale (Galway): Koma amene ankawapititsa atsikana kumeneko ndani? Masisitere sankabwera kudzaba anthu usiku. Ankaperekeza ndi bambo ake, amayi ake, wansembe wa parishi, ndi miseche ya azakhali ngati amenewo. Ukalemba za masisitere okha wanama. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndiye vuto lake limenelo, wolakwa ali m'banja momwemo ndipo ndi yemwe anakulera.

Anaphiri (Lilongwe): Ndikuwerenga mwakachetechete kuno. Pepani kulowerera, ine Ireland ndimangoiona pa mapu. Koma zoti mlembi amakhala pamaso pa anthu n'kuyankha mafunso zandisangalatsa. Ana anga a Fomu 4 akafunsa kuti mlembi amatanthauzanji, ndimayankha ndine, ngati ndinali naye polemba. Funso langa: amalipidwa olembawa akabwera kudzayankhula? Nanga amakhala ndi chiyani, mabuku okha?

A Phiri (Dublin): Amalandira kangachepe amayi, komanso malo ogona. Zikondwerero zambiri zimathandizidwa ndi Arts Council, bungwe la boma loona za luso, kuphatikizapo matikiti ndi makampani. Phindu lenileni ndi katebulo ka mabuku pakhomo paja. Komanso kuno kuli lamulo la 1969, nthawi imene Charles Haughey anali nduna ya zachuma, loti ndalama zochokera ku ntchito ya luso asamazidule msonkho. Masiku ano malire ake ndi ma euro 50,000 pachaka. Koma chosangalatsa n'chakuti wa nkhani zopeka amalowa mosavuta, pamene wa nkhani zoona ayenera kuonetsa kuti buku lake lili m'magulu ovomerezeka, monga mbiri ya moyo wa munthu. Buku la sukulu silimalowa. Ndiye ngakhale a msonkho amasiyanitsa. Ambiri mwa alembiwa ali ndi ntchito zina, ena aphunzitsi, ena atolankhani.

Kondwani (Cork): Ndiye nkhani ya kudyera pa maliro yagwa anti, palibe chodya.

Mayi a Chisomo (Tralee): Kudya si ndalama zokha iwe. Dzina nalonso n'chakudya.

Bambo Mbewe (Leeds): Ana anga, ndadzuka mochedwa ndapeza mwayatsa moto. Mayi a Chisomo, mwachita bwino kubweretsa nkhaniyi. Ndiloleni ndionjezere mbali ina imene simunaikhudze, ya lonjezo. Mlembi wa nkhani zoona amapita kwa munthu, amakhala naye pansi, amamwa naye tiyi, munthuyo n'kumasuka. Kodi amamulonjeza chiyani?

Ku Belfast, mu December 1972, a IRA, gulu la zida lomwe linkamenyana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland, anatenga mayi wamasiye wa ana khumi, Jean McConville, m'nyumba mwake ana akuona. Mtembo wake unadzapezeka mu 2003 m'mphepete mwa nyanja ku County Louth. Nkhondo itatha ndi pangano la 1998, sukulu ya Boston College ku America inayamba kujambula mawu a anthu amene anamenya nawo nkhondoyo, mbali zonse ziwiri. Anawalonjeza kuti matepi sadzatuluka mpaka mwini wake atamwalira. Anthu anaulula zakuya. Mu 2011 apolisi a ku Northern Ireland anapita kukhoti ku America kukafuna matepiwo, ndipo ena anaperekedwa. Lonjezo linasweka. Mu 2014 Gerry Adams, mtsogoleri wa chipani cha Sinn Féin pa nthawiyo, anamangidwa n'kufunsidwa masiku anayi za imfa ya mayiyo, anamasulidwa osazengedwa mlandu, ndipo iye amakana kuti sizimukhudza.

Amene anadzalemba buku lodziwika kwambiri la nkhaniyi, Say Nothing, ndi Patrick Radden Keefe, wa ku America. Ndipo apa ndi pomwe ine ndimasinkhasinkha. Akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wa ku Belfast weniweni akanalemba chimodzimodzi, mawa lake akanakumana ndi eni nkhani mu shopu. Mlendo amameta n'kukwera ndege. Mayi wanu wa ku Listowel uja analibe ndege yokwera. Kwa ine ameneyo ndiye wolimba mtima.

Nachisale (Galway): Bambo, mwalankhula. Koma mlendo nayenso ali ndi vuto lake. Ndinawerenga la Sally Hayden, mtolankhani wa konkuno, lija la anthu othawa kwawo otsekeredwa ku Libya. Linayamba ndi uthenga wa pa Facebook mu 2018, wochokera kwa mnyamata wa ku Eritrea amene anali m'ndende kumeneko. Buku labwino, ndinalira nalo, ndipo linapata mphotho ya Orwell mu 2022. Koma ndikamaganiza za mabwalo ngati amenewa, ndimadzifunsa kuti eni nkhani ali kuti? Amene anamira pa nyanja sangabwere, chabwino. Nanga amene anapulumuka, ali m'mahostel a direct provision, osungirako anthu opempha malo ngati othawa kwawo, pompano, basi imodzi kuchoka pa holo? Nkhani ndi yawo, mpando wa kutsogolo ndi wa wina.

Kondwani (Cork): Apa ndiye ndagwirizana nanu achemwali. Ku Dalkey kuja wakuda ndinali ine ndi mnyamata wotsuka makapu.

A Phiri (Dublin): Zikusintha pang'onopang'ono. Cúirt ya ku Galway kwanuko achemwali, ya mu April, inayamba 1985 ngati ya ndakatulo zokha, pano imaitana anthu osiyanasiyana. Ya kuno ku Dublin ya mu May nayonso. Koma tisanamizire okonza okha. Ife tikaona chikwangwani timadutsa. Laibulale kuno ndi yaulere, ngakhale chindapusa chobweza buku mochedwa anachichotsa mu 2019, koma pagulu pano amene ali ndi khadi ya laibulale ndi angati? Kwezani manja.

Kondwani (Cork): Langa lili m'thumba.

Mayi a Chisomo (Tralee): Ine ndili nayo, ndinapangitsa chifukwa cha Chisomo. Koma a Phiri, munthu wagwira shifiti ya maola 12, miyendo yatupa, ukamuuze za laibulale?

Bambo Mbewe (Leeds): Mundilole ndibwerenso, nkhalamba sichedwa kukumbukira. Achemwali Nachisale akuti mpando wa kutsogolo ndi wa wina. Ife tinazionapo mbali zonse ziwiri. Ndinali pa Chancellor College nthawi imene a Jack Mapanje anamangidwa, September 1987, ku Gymkhana Club ku Zomba. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi. Anakhala ku Mikuyu mpaka May 1991, popanda kuzengedwa mlandu. Pa koleji tinkanong'onezana, dzina lawo sunkalitchula mokweza mu cafeteria, sumadziwa amene wakhala naye pafupi. Mmodzi mwa anthu amene anaonetsetsa kuti nkhaniyo yatuluka kunja kwa dziko anali wansembe wa ku Ireland wa chipani cha Kiltegan, amene ankaphunzitsa pomwepo, Father Pat O'Malley, m'chilankhulo chakwawo Pádraig Ó Máille. Mu 1992, itatuluka kalata ya maepiskopi ija ya pa 8 March, boma linapitikitsa Monsignor John Roche wa ku Mzuzu, nayenso wa Kiltegan, ndipo Father O'Malley nawonso anachotsedwa m'dziko chaka chomwecho.

Father O'Malley analemba buku la zimene anaona ku Malawi, linatuluka 1999. A Mapanje buku lawo la za ku ndende linadzatuluka 2011. Onani kusiyana kwa zakazo. Mlendo anayamba, mwini wake anatenga zaka makumi awiri chitulukireni ku Mikuyu. Sindikunena kuti wina analakwa. Bala likakhala pa thupi lako sulikanda msanga. Koma pa zaka zonsezo, anthu akunja ankamva nkhani yathu kudzera mwa amene anatha kulemba msanga. Ndipo ife ambiri amene tinaona, mpaka lero sitinalembe kanthu. Ndikudzinena ndekha.

Anaphiri (Lilongwe): Bambo, ndiye lembani. Ana anga za Mikuyu amaziona ngati nthano ya kalulu. Ndikawauza kuti munthu ankamangidwa chifukwa cha ndakatulo amaseka.

Bambo Mbewe (Leeds): Amayi, ndinayambapo. Ndili ndi makope awiri mu sutikesi. Ndinaima pa tsamba limene ndinafika pa mnzathu wina amene tonse tinkadziwa kuti amakapereka malipoti. Anamwalira. Ana ake ndi anthu abwino, mmodzi anandithandiza pa maliro a mkazi wanga, anayendetsa galimoto usiku wonse. Ndikalemba, ngakhale ndisinthe dzina, a m'kalasi mwathu onse amudziwa. Ndiye mukuona, Mayi a Chisomo, bambo wa chipewa uja ine ndikumumva, mlembi uja ndikumumvanso. Cholembera chinauma pomwepo.

Mayi a Chisomo (Tralee): Bambo mwandikhudza. Pepani.

Nachisale (Galway): Bambo, ine ndinganene kuti lembani zonse ziwiri, za malipoti ndi za galimoto ya usiku. Cholakwa cha mayi wa ku Listowel, ngati chilipo, n'chakuti sanakagogode pakhomo la banja linalo asanasindikize. Akanapita, akanamva za mwana wamasiye uja, buku likanalemera.

A Phiri (Dublin): Kugogoda kuli ndi mtengo wake achemwali. Ukawauza msanga amathamangira kwa loya. Malamulo a kuipitsa mbiri ya munthu kuno ndi owawa, osindikiza amapereka buku kwa maloya lisanatuluke, ndipo masamba ena amafera komweko. Koma wakufa sangasumire, n'chifukwa chake mabuku ambiri otere amadikira maliro kaye.

Kondwani (Cork): Ndiye kuti ukafa basi aliyense akhoza kukulemba mmene wafunira? Ine ndiyamba kukhala bwino ndi adzukulu.

Mayi a Chisomo (Tralee): Hahaha iwe, yamba wakwatira kaye. Koma a Phiri mwandikumbutsa china. Pobwerera m'galimoto mnzanga uja anali chete mpaka tinadutsa theka la njira. Kenaka anangoti amayi ake anali ndi mchemwali wawo amene anapita ku England ali ndi zaka 17, ndipo pakhomo pawo dzina lake silinkatchulidwa. Tagwira ntchito limodzi zaka zinayi, timadya limodzi pa break, sanandiuzepo. Sindinadziwe choyankha, ndinangomupatsa tissue, iye akuyendetsa. Buku anagula awiri, lina akuti apititse kwa amayi akewo, koma Lolemba ndamufunsa akuti likadali m'galimoto.

Nachisale (Galway): Musamukakamize. Lidzatsika lokha.

Anaphiri (Lilongwe): Mayi a Chisomo, inu munagula?

Mayi a Chisomo (Tralee): Ayi, ndalama zinali za gasi. Ndalembetsa ku laibulale, ndili nambala 14 pa mzere.

A Phiri (Dublin): Amene akufuna, mu July kuli West Cork Literary Festival ku Bantry. Kondwani ndi kwanu kumeneko, galimoto uli nayo. Tikhoza kusonkherana petulo. Pulogalamu ikatuluka ndiponya pano, tisankhe wa nkhani zoona mmodzi, tikakhale mzere wa kutsogolo anthu asanu.

Kondwani (Cork): Bantry si pafupi achimwene, ndi ola ndi theka kuchoka mu city, misewu yokhotakhota. Koma chabwino, bola anti abweretse mandasi. Ndipo wina asandiuze kuti ndifunse funso.

Bambo Mbewe (Leeds): Ine ndikatsitse sutikesi ija pamwamba pa wadirobu, ndione ngati njenjete zasiyako kanthu. Mayi a Chisomo, mukadzalandira bukulo mundiuze tsamba limene pali azakhali aja, ndikufuna ndione mmene anawalembera.

Mayi a Chisomo (Tralee): Ndidzajambula ndikutumizireni ku inbox bambo. Pano ndithamange, shifiti ya usiku ikuyamba 8 koloko ndipo yunifolomu sinaume.